Sharpevale: kodi mwini dzinali tikumudziwa?

Kuno ku Ntcheu mayina a malo ambiri amakhala bwino pakamwa: Nsipe, Kampepuza, Bawi, Lizulu, Biriwiri, Tsangano. Koma pali limodzi limene limakana kugona palilime. Mukatsikira m'chigwa cha Bwanje, pamsewu wochokera ku Balaka kupita ku Salima, mupeza Sharpevale. Makondakitala amalikuwa mmene lawabwerera, amayi a tomato amalitchula mwawomwawo, ife a pa WhatsApp aliyense amalilemba sipelo yake. Kumene kuli malowo tonse tikukudziwa. Nanga mwini dzinalo?

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mayina ambiri a atsamunda anachotsedwa. Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Hill inakhala Chitipa, Fort Manning inakhala Mchinji. Kutsidya ku Zambia, Fort Jameson inasanduka Chipata. Sharpevale inapulumuka. Komatu mwini wake sanali mzungu wamba ayi. Ndi Alfred Sharpe, bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland, yemwenso ankagwirizira mpando ku Zomba chaka chimene Inkosi Gomani Chikuse inaphedwa. Kwa ine mwana wa kwa Inkosi Champiti, m'dziko la Angoni a Maseko, imeneyi ndi nkhani ya pakhomo. Ndiye sabata ino tiyeni timuone bwinobwino munthuyu, kuyambira kumene anachokera.

Loya amene ulimi unamukana

Alfred Sharpe anabadwa mu 1853 ku Lancaster, kumpoto kwa England. Anaphunzira zamalamulo n'kukhala loya. Atakwatira, anatenga banja lake kupita ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific, kukayesa ulimi wa nzimbe. Sizinamuyendere. Anagwirako pang'ono ntchito yoweruza milandu komweko, kenako mu 1887, ali ndi zaka 34, anatulukira kuno atanyamula mfuti, kudzasaka njovu kuti azigulitsa minyanga.

Tikamamva za azungu oyambirira timaganiza kuti onse anachita kutumidwa ndi Mfumukazi Victoria, mapu ali m'manja. Sharpe anabwera ngati mmene mnyamata wa kwathu amanyamukira ulendo wa ku Joni: zinthu zavuta, kaya kutsogoloko zikakhala bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti iye palibe anamufunsa pasipoti, ndipo patangotha zaka khumi anali akulamulira eni dziko.

Chimene chinamutembenuza n'kumuchotsa pa ulenje ndi nkhondo ya ku Karonga. Chakumapeto kwa 1887, sitolo ya African Lakes Company kumeneko inazingidwa ndi anthu a Mlozi, Mswahili wochita malonda a minyanga ndi akapolo, amene ankazunza Ankhonde. Sharpe anali mmodzi mwa azungu ochepa amene anathamangirako kukathandiza. Apa tisanamizane: malonda a akapolo analipodi, anali oopsa, ndipo midzi yambiri inatha nawo. Kulimbana ndi Mlozi kunapulumutsa anthu. Komanso kampaniyo inali kuteteza njira ya malonda ake. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo moyo wonse wa Sharpe uli choncho, zabwino ndi zoipa zili m'thumba limodzi.

Chikwama cha mapepala

Mu 1889 kunafika Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, ali pa mpikisano ndi Apwitikizi wofuna kutenga dera lino. Ankafuna munthu wodziwa njira za m'tchire, wopirira malungo, komanso wodziwa kalembedwe ka pangano. Mlenje amene analinso loya, ndani akanaposa ameneyo?

Ntchito ya Sharpe inali yoyenda kwa mafumu ndi mapepala olembedwa m'Chingerezi, kuwapatsa nsalu, mikanda, onga ndi mbendera, iwo n'kulemba kamtanda pansi. Mu 1890 analowera kumadzulo, ku Luangwa. Mpezeni, mfumu ya Angoni a ku Chipata, sanalole. Chaka chomwecho Sharpe anauyatsa ulendo wautali kwambiri, wopita ku Katanga m'malo mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, imene inkalakalaka miyala ya mtengo wapatali ya kumeneko. M'njira anapangana ndi Nsama komanso Mwata Kazembe. Mabuku a azungu amati iye ndiye anatulukira nyanja ya Mweru Wantipa, ngati kuti asodzi a kumeneko ankawedza m'madzi osawaona. Ndipo katundu wake yense anayenda pamitu ya amtengatenga, anthu akuda amene mayina awo simungawapeze pamapu alionse.

Mu Novembala 1890 anafika ku Bunkeya, likulu la mfumu Msiri. Apa m'pamene pali nkhani imene ndimaikonda. Pamudzipo pankakhala mmishonale wina, Charles Swan. Pepala la Sharpe litafika, Swan anamumasulira Msiri mawu onse monga analembedwera, osadumpha. Mfumu itamva kuti chikalatacho chikutanthauza kupereka dziko, inakwiya n'kukana. Sharpe anabwerera chimanjamanja.

Musafulumire kuomba m'manja. Mu Disembala 1891, gulu lina lotumidwa ndi Mfumu Leopold ya ku Belgium linafika ku Bunkeya, ndipo msilikali wa gululo anamuwombera Msiri. Katanga inapita kwa Leopold, n'chifukwa chake lero Lubumbashi ili ku Congo. Nthawi imeneyo pepala likakanika, mfuti inkabwera pambuyo.

Malo analowa m'kaundula

Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake. Johnston anakhala Komishonala, Sharpe wothandizana naye. Imodzi mwa ntchito zikuluzikulu zimene anagwira inali younika malo amene azungu ankati anagula kwa mafumu. Amene pempho lake lavomerezedwa ankalandira chikalata chotchedwa Certificate of Claim. Ena anawadulira malo chifukwa ananyanya kukokomeza, izi tisawamane. Koma zotsalazo zinali zochititsa kakasi. Munthu mmodzi yekha, Eugene Sharrer, anakhala ndi maekala oposa 360,000. Onse pamodzi anapitirira maekala 3.5 miliyoni. Inu amene kwanu mukukanganirana ekala imodzi ya agogo, taganizirani nambala imeneyo.

M'zikalata zambiri munali ndime yonena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Ndimeyo inakhala yokongoletsa pepala basi. Anthu anapezeka kuti ndi alendo pamalo pamene anakwirira makolo awo, ndipo lendi yake inali kugwira ntchito m'munda wa mzungu. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la goli. Mu 1903 woweruza wina wa boma lomwelo, Joseph Nunan, anadzudzula poyera mmene eni esiteti ankaphwanyira ufulu wa anthuwo, koma zinthu sizinasinthe kwenikweni. Mkwiyo umene unaphulika ndi John Chilembwe mu 1915 unamera pamalo amenewa, ngakhale kuti pamenepo n'kuti Sharpe atapuma kale.

Chaka chomwecho cha 1891, Britain ndi Portugal anagwirizana malire, mzere n'kudutsa pakati pa dziko la Angoni a Maseko. Phiri la Domwe linatsala ku Mozambique. Mukaima pa Lizulu lero, mbatata ya kachewere mukugula tsidya lino la msewu ndi Malawi, kabichi wa tsidya linalo ndi Mozambique. Anthu ake ndi amodzi, akungosiyana chitupa.

Okutobala 1896

Chikuse atamwalira mu 1891, mwana wake Gomani analowa ufumu pa nthawi yovuta. Kunali nkhondo ya pachibale ndi Kachindamoto, imene inatha mu 1894. Kunalinso chinthu china chimene chinkadya ufumu mwakachetechete ngati chiswe. Anyamata ankapita kukagwira ntchito m'minda ya khofi ya azungu ku Blantyre ndi ku Zomba. Midzi ina inayamba kukhoma msonkho ku boma la azungu ndi kutsamira mishoni. Kwa inkosi ya Angoni, mphamvu inali anthu. Munthu aliyense wopereka msonkho kwina anali nthungo imodzi yochoka m'manja mwake.

Mu 1896 Johnston anadwala n'kubwerera kwawo, Sharpe n'kutsala akugwirizira mpando. Chaka chimenecho azungu anali ndi mantha, chifukwa kummwera, ku dziko limene lero ndi Zimbabwe, Andebele ndi Ashona anali ataukira kampani ya Rhodes. Mu Okutobala ankhondo a Gomani anathira nkhondo midzi yozungulira mishoni ya Zambezi Industrial Mission ku Dombole. Nyumba zinapsa, anthu anafa, ena anagwidwa. Amenewonso anali anthu a kwathu konkuno, ndipo sitiyenera kuwaiwala pofuna kuti nkhani ikome.

Sharpe sanatume nthumwi yokakambirana. Anatuma asilikali, Asikh ochokera ku India pamodzi ndi asilikali akuda, motsogozedwa ndi Captain Stewart. Zishango ndi nthungo sizikanalimba pamaso pa mfuti zawo. Gomani anagwidwa ndipo pa 27 Okutobala 1896 anawomberedwa. Akuluakulu a kwathu amasimba kuti inkosi inakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo pamaso pa anthu ake, ndipo asilikali ataona kuti siisuntha, anaiphera pomwepo. Manda ake ali kufupi ndi Dombole ndi Chiole, mkati mwa boma lathu lomweli.

Sharpe sanakoke yekha mfutiyo. Koma amene amatuma nkhondo ndiye mwini nkhondo. Chaka chotsatira, 1897, anamukweza kukhala Komishonala weniweni. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera kuno anakagonjetsanso Mpezeni, uja anakana pepala zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo. Mwana wake Nsingo anaphedwa, ng'ombe zambirimbiri n'kulandidwa.

Sharpe yemweyo ku Ekwendeni

Tsopano tamvani izi. Mu 1904 Sharpe anapita kwa Angoni a kumpoto, a kwa M'mbelwa, amene mpaka nthawi imeneyo ankadzilamulira okha. Sanatenge gulu la nkhondo. Anakumana ndi makhosi ku Ekwendeni, amishoni a Livingstonia atasalaza njira, ndipo anagwirizana pokambirana. Makhosi anasunga mbali ya ulamuliro wawo, ndipo msonkho sunayambe nthawi yomweyo. Palibe magazi anakhetsedwa. Amene amamutama Sharpe amaloza tsiku limeneli n'kumati onani munthu wodekha, wodziwa kumva za anzake.

Ine ndimafunsa kuti kudekhako kunali kuti ku Dombole? Yankho lake silovuta. A kumpoto anali ataona zimene zinagwera Gomani ndi Mpezeni. Mtendere wa ku Ekwendeni unagulidwa ndi maliro a kwathu kuno. Komanso kumpotoko kunali aphunzitsi Achingoni ophunzira ku mishoni, anthu otha kuwerenga ndi kumva chimene mzungu akunena, ndipo makhosi sanapite kubwaloko ali m'chimbulimbuli. Mafumu atatu, mayankho atatu: Msiri anakana, Gomani anamenya, a kwa M'mbelwa anakambirana. Onse dziko linawachoka. Koma amene anali ndi owawerengera a mtundu wawo anatsalako ndi kenakake m'manja.

Msonkho, njanji ndi kasenye

Ulamuliro wa Sharpe unayenda pa msonkho wa nyumba. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 boma lake linakonza kuti msonkho ukhale masheleni 6, koma munthu akagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi azilipira masheleni 3 okha. Mwaiona nzeru yake? Palibe anakugwira pakhosi kuti upite ku esiteti, koma ukakhala pakhomo kulima munda wako, ulipira kawiri. Umu ndi mmene amuna a ku Ntcheu anazolowerera kusiya mabanja kupita kukasaka ndalama kutali, poyamba ku Blantyre, kenako ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Msewu umene achimwene athu akuyenda lero pabasi unalambulidwa kalekale.

Mu 1903 anapatsidwa ulemu wa Sir. Mu 1907 dziko linatchedwa Nyasaland, iye n'kukhala bwanamkubwa woyamba. Pa nthawi yake kunakhazikitsidwa bwalo lopanga malamulo, limene munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi mpaka 1949. Mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre. Anapuma ntchito mu 1910, koma Africa sanaisiye. Anapitiriza kuyenda ndi kusaka, ndipo mu 1921 anatulutsa buku lotchedwa The Backbone of Africa. Anamwalira mu Disembala 1935, chaka chomwe njanji inafika ku Salima, kudutsa pa siteshoni ya dzina lake m'chigwa cha Bwanje.

Dzina lake lilinso m'tchire. Kagwape kakang'ono kofiirira, kamene alenje amakatcha kasenye, m'mabuku a sayansi ndi Raphicerus sharpei. Kanyamako kanali ndi dzina kale, makolo athu ankakadziwa mapazi ndi kumene kamagona, koma dziko lonse lapansi likukadziwa ndi dzina la mlendo amene anakatumiza ku London.

Ndiye tilifufute?

Funso limeneli si lachilendo kwa m'badwo wathu. Mu 2015 ophunzira a ku yunivesite ya Cape Town anachotsetsa chiboliboli cha Cecil Rhodes, bwana uja anatuma Sharpe ku Katanga. Mu 2018 achinyamata a ku Blantyre anapita kukhoti kukaimitsa ntchito yomanga chiboliboli cha Mahatma Gandhi. Ndiye wina akanena kuti n'chamanyazi kuti boma la Gomani lizisunga dzina la munthu amene anatuma nkhondo kwa Gomani, ine sindingamutsutse kuti alibe mfundo. Ndipo mawu omaliza ayenera kuchokera kwa anthu a ku Bwanje ndi mafumu awo, chifukwa ndiwo amalemba dzinalo pa makalata ndi pa zitupa.

Koma maganizo anga ndi awa: tisathamangire kufufuta chinthu chimene sitinachiwerenge. Fort Manning inakhala Mchinji, zili bwino, koma pitani mukafunse wophunzira wa Fomu 4 kuti Manning anali ndani ndipo anachita chiyani kwa Mpezeni. Dzina likachoka mwakachetechete, mwini wake amathawa mlandu. Ine ndikanakonda kuti pa Sharpevale paikidwe chikwangwani cha m'Chichewa, chonena mwachidule kuti munthuyu anali ndani: kuti anamenyana ndi ogula akapolo ku Karonga, kuti anayenda ndi mapepala kwa mafumu, kuti anadinda malo a anthu kukhala a azungu, kuti anatuma asilikali kwa Gomani. Zonse, osachotsapo. Ndikanakondanso kuti sukulu za kuno, kuyambira za kwa Champiti konkuno, zizitengera ana ku manda a Gomani Chikuse, ndipo pa Umhlangano ku Nkolimbo, pakati pa ngoma ndi zikopa, pazikhala mphindi zofotokoza za 1896 mwatsatanetsatane. Mwana wa Gomaniyo, Inkosi Philip Gomani, anadzakananso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 mpaka kuchotsedwa pampando. Ana athu akuyenera kudziwa kuti kukana kumeneko kunali ndi kochokera.

Ife a mafoni tili ndi gawo lathu losafuna bajeti ya boma. Agogo amene anamva nkhanizi kwa agogo awo akutha mmodzimmodzi. Foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi ili ndi chojambulira mawu. Mukapita kumudzi, khalani nawo pakhonde, afunseni zimene anamva za Gomani, za msonkho, za amene anapita ku Joni osabwerako. Azungu analemba mbali yawo, ndipo ili m'mabuku ndi ku malo osungira zakale ku Zomba. Mbali yathu ili m'mitu ya anthu okalamba.

Palinso china chimene moyo wa Sharpe ukutiuza, ndipo ichi n'cha lero lomwe. Mfuti anaigwiritsa ntchito masiku owerengeka. Pepala analigwiritsa ntchito zaka zoposa makumi awiri, ndipo zimene analemba zinakhalitsa kuposa zimene anawombera. Masiku ano malo a m'mbali mwa M1 akugulidwa ngati zitumbuwa. Kumabwera munthu ndi galimoto yabwino, envulopu ndi chikalata cha Chingerezi, agogo n'kudinda chala osadziwa ngati akubwereketsa kapena akugulitsiratu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti mabanja azilembetsa malo awo, koma lamulo silidziwerenga lokha. Safunsa anadya phula.

Pabanja panu mwina inu ndinu woyamba kufika ku koleji, kapena woyamba kukhala ndi MSCE. Msiri anachita kudalira mlendo kuti amuuze zimene zinali papepala. Agogo anu ali ndi inu. Chikalata chikabwera pakhomo, chijambuleni, chiwerengeni mokweza m'Chichewa mzere ndi mzere, pamaso pa amalume, azakhali ndi amfumu. Pamene simukumva, kafunseni ku ofesi ya zamalo kuboma musanalole chala cha munthu kukhudza inki. Wogula akayamba kukwiya kuti mukuchedwetsa zinthu, dziwani kuti mwafika pa ndime imene sankafuna kuti imveke.